Ogwira ntchito pansi pabwalo la ndege: mafunso ndi mayankho pa za khama, malipiro ndi mayuniyoni

Ndege ikachedwa kapena chikwama chikasowa, mlandu umagwera anthu ovala majekete owala aja amene timawaona pazenera akukweza katundu. Mafunso ali m'munsiwa ndi amene apaulendo komanso anthu ofuna kulowa ntchitoyi amakonda kufunsa. Ena yankho lake n'lachidule, ena ndi ofunika kukhalira pansi.

Kodi akati ogwira ntchito pansi amanena ndani?

Amanena onse amene amatumikira ndege ndi apaulendo ndegeyo isananyamuke komanso ikangotera. Pali a pakauntala oona matikiti ndi kuyeza zikwama, a pageti olowetsa anthu, okweza ndi kutsitsa katundu, okodola ndege ndi timitengo towala kuti iime pamalo pake, oyendetsa thirakitala yokankha ndege chafutambuyo pochoka pageti, othira mafuta, oyeretsa m'kati, opopa zimbudzi, obweretsa zakudya, ndi othandiza apaulendo aulumali. Palinso wina amene simudzamuona: wowerengera kulemera kwa anthu, katundu ndi mafuta, n'kunena kuti chakuti chiikidwe kutsogolo, chakuti kumbuyo. Pepala lake woyendetsa ndege amalivomereza asananyamuke, chifukwa katundu akapendekera mbali imodzi ndege imavuta poidzutsa.

Amakaniko ndi oongolera ndege ali m'nsanja nawo sauluka, koma ntchito yawo ili ndi ziphaso zake ndi malipiro ake, choncho pano sitikuwawerengera.

Kodi anthu amenewa ndi antchito a kampani ya ndege imene ndakwera?

Kawirikawiri ayi, ngakhale yunifomu yawo itakhala ndi chizindikiro cha kampaniyo. Kale makampani a ndege ankalemba okha anthu a pansi, ndipo ena akuterobe pamabwalo awo aakulu. Koma ntchito yambiri inaperekedwa kwa makampani apadera monga Swissport ya ku Switzerland, dnata ya ku Dubai, Menzies Aviation imene inayambira ku Scotland, ndi Worldwide Flight Services imene inagulidwa ndi SATS ya ku Singapore mu 2023. Mayi amene wakulandirani pakauntala m'mawa akhoza kutumikira makampani a ndege atatu osiyana dzuwa lisanalowe.

Ku Ulaya zinthu zinatembenuka mu 1996, pamene European Union inalamula kuti pabwalo lolandira apaulendo oposa 2 miliyoni pachaka pazikhala makampani osachepera awiri opikisana pantchito monga yonyamula katundu. Cholinga chinali chomveka, kuti kampani imodzi isamangotchula mtengo umene yafuna. Mitengo inatsikadi. Chofunika kufunsa n'chakuti ndalama yopulumutsidwayo inatapidwa m'thumba mwa ndani.

Malipiro amatsikiranji pamene tikiti ya ndege ndi yodula chonchi?

Ndalama ya tikiti ili ndi eni ake ambiri: ogulitsa mafuta, obwereketsa ndege, boma ndi misonkho yake, bwalo lenilenilo. Mtengo wa mafuta kampani ya ndege singaunenerere kwenikweni, umachokera kumsika. Ntchito ya pansi ndiyo yosavuta kunenerera, chifukwa kontrakiti yake imatha pakapita zaka zochepa ndipo amaitanitsanso matenda atsopano, makampani n'kupikisananso. Opikisanawo mathirakitala awo ndi ofanana, malamba okwezera katundu ndi ofanana, malamulo achitetezo ndi amodzimodzi. Posiyanirana pamatsala pamodzi pokha, pa anthu. Wopambana amakhala amene walonjeza kugwira ntchito yomweyo ndi anthu ochepa, kapena ndi anthu olipidwa pang'ono.

Pamene pamapweteka kwambiri ndi pamene kontrakiti yasintha manja. Kumene kulibe lamulo loteteza, bambo amene wakalambira pageti lomwelo amauzidwa kuti alembe kalata yofunsira ntchito kukampani yatsopano, n'kuyambiranso ngati wobwera dzulo, malipiro oyambira, tchuthi chochepa. Ndege ndi zomwezo, msana ndi womwewo. Ku Britain kuli malamulo otchedwa TUPE amene amati antchito asamuke pamodzi ndi kontrakiti osataya zimene anali nazo, koma mayiko ambiri alibe chitetezo chotere.

Ndiye amalandira zingati?

Zimasiyana dziko ndi dziko, ngakhalenso geti ndi geti pabwalo limodzi. M'malo ambiri woyamba kumene amakhala pafupi ndi malipiro otsikitsitsa ololedwa ndi boma, pamene wolembedwa ndi kampani ya ndege mwachindunji amaposa mnzake wa kontrakiti, kuwonjezera apo penshoni ndi matikiti otsika mtengo.

Pali malo amene anaona kuti njira yothetsera mpikisano wotsitsana malipiro ndiyo kuika malire amodzi kwa onse. Mu 2013 anthu a m'tauni ya SeaTac ku America, kumene kuli bwalo la ndege la Seattle, anavota kuti antchito a pabwalo ndi a m'mahotela aakulu azilandira madola 15 pa ola, pamene malipiro otsikitsitsa a dziko lonselo anali madola 7.25. Nkhaniyi inakafika kukhoti, ndipo mu 2015 khoti lalikulu la chigawo cha Washington linati lamulolo likugwiranso ntchito m'kati mwa bwalo. Mu 2018 bungwe loyendetsa mabwalo a New York ndi New Jersey linavomereza kuti malipiro akwere pang'onopang'ono mpaka madola 19 pa ola pofika 2023. Malire akakhala amodzi, kampani yofuna kupambana tenda imakakamizika kufuna njira ina m'malo mofinya antchito.

Komanso ndalama ya pa ola siinena zonse. Ndege zimabwera m'magulu, m'bandakucha ndi madzulo, choncho makampani ena amaduladula shifiti: maola anayi m'mawa, kenako munthu n'kungokhala osalipidwa mpaka madzulo. Kwawo n'kutali, kubwerera sikutheka, tsiku lonse lathera pabwalo koma papepala la malipiro palembedwa maola ochepa.

Kodi ntchitoyi ndi yolemetsa motani?

Ndege zikuluzikulu zapamtunda wautali zimanyamula zikwama m'makontena, ndipo makina ndi amene amakweza. Koma m'ndege ngati Boeing 737 zikwama zimalongedwa ndi manja chimodzichimodzi. M'mimba mwa ndegeyi munthu sangaimirire. Amalowa chogwada, mawondo atamanga zotetezera, mutu utawerama. Lamba akulavula zikwama pakhomo osapuma, mnzake akuzikankhira m'kati, iye akuzilandira, kupotokola chiuno, kuziunjika mothinana kuti zisagwe ndege ikamagwedezeka. Zambiri zimalemera pafupifupi makilogalamu 23, zina mpaka 32, ndipo malire a 32 amenewo anaikidwa poganizira msana wa wonyamulayo. Pakatha mphindi zochepa, zikwama zoposa 100 zadutsa m'manja mwake. Akatuluka, ndege ina yatera kale.

Kunjako kuli phokoso la injini lotha kugonthetsa munthu wosatseka makutu, dzuwa lowotcha pakonkire, mvula, chisanu. Matenda a msana, mapewa ndi mawondo ndi ofala. Ngozi zoopsa zimachitikanso. Pa 31 December 2022, pabwalo la Montgomery ku Alabama, mayi wina wogwira ntchito pansi anafa atakokedwa ndi injini ya ndege imene inali isanazime.

Ndinaona pazenera atangoima ndege itafika kale, ena akuponya zikwama. Si ulesi umenewo?

Kuima kuja nthawi zambiri ndi lamulo. Palibe wololedwa kuyandikira ndege injini zisanazime, nyali yofiira yothwanima ija isanathimitsidwe, ndiponso matayala asanatchingidwe. Kukachita ziphaliwali pafupi, aliyense amachoka pabwalo mpaka atauzidwa kuti kwayera. Nthawi zina akudikira pepala lonena kuti katundu alowe chipinda chiti, ndipo kuyamba osaliona ndiye kulakwa kwenikweni. Nthawi zinanso gulu limene linayenera kutumikira ndege yanu likadali pandege ina imene inachedwa, ndipo amene mukuwaonawo ndi awiri okha pantchito ya anthu asanu.

Zoponya zikwama ndi nkhani ina. Alipo ochita zimenezi mwamphwayi kapena mwanjiru, ndipo palibe chifukwa chowabisira. Chikwama ndi chuma cha munthu, njinga ya munthu wolumala ndiyo miyendo yake, wothyola dala ayenera kulangidwa. Alesi aliko ngati mmene alili pantchito ina iliyonse. Chimene sindigwirizana nacho ndi kutenga munthu mmodzi wojambulidwa pafoni n'kumuyesa chithunzi cha onse, kapena kuiwala kuti amene anachepetsa anthu pagulupo sakuoneka pazenera.

Nanga khama pantchito imeneyi limaoneka bwanji?

Silioneka kwenikweni, n'chifukwa chake sililandira mphotho. Ndi munthu amene amayenda wapansi pamalo oimikapo ndege isanafike, maso ali pansi, kutola kachitsulo, loko wothothoka pachikwama, kapepala kapulasitiki, chifukwa kanthu kakang'ono kotere kakalowa mu injini kamawononga ndalama zankhaninkhani. Ndi wa pageti amene akukana kutseka chitseko chifukwa chiwerengero cha anthu sichikugwirizana ndi cha pakompyuta, kapitawo ali m'khutu kuti nthawi yatha. Ndi wa pakauntala amene amafunsadi za mabatire a lithium m'chikwama, osati kungotchula mawu ngati nyimbo.

Muyeso waukulu ndi uwu: galimoto ya katundu yagunda ndege pang'ono, palibe waona. Kodi woyendetsayo akanena? Ndege zatsopano monga Boeing 787 ndi Airbus A350 thupi lake lalikulu si la chitsulo wamba, ndipo likagundidwa limatha kuwonongeka m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Wakhama akanena nthawi yomweyo, ngakhale akudziwa kuti ndege ichedwa. Koma anganene pokhapokha ngati akudziwa kuti kunenako sikumuchotsetsa ntchito. Kampani imene imathamangitsa aliyense wovomera kulakwa imaphunzitsa anthu ake kutseka pakamwa, kenako imadabwa kuti chilungamo chinapita kuti.

Ndiponso luso limeneli limabwera ndi zaka. Kumene anthu amalowa n'kutuluka miyezi ingapo iliyonse, wophunzitsa watsopano amakhala woti nayenso anabwera chaka chatha.

Chisokonezo cha pamabwalo a ndege mu 2022 chinayamba bwanji?

Nthawi ya Covid-19 ndege zitaima, makampani anachotsa anthu ambiri. Swissport yokha inalengeza mu June 2020 kuti ichotsa anthu oposa 4,500 ku Britain ndi Ireland. Maulendo atayambiranso, mabwana anaganiza kuti anthu aja angobwerera akaitanidwa. Ambiri anali atapeza ntchito m'nyumba zosungira katundu ndi yoyendetsa magalimoto, malipiro ofanana kapena oposa, popanda kudzuka pakati pausiku. Kulemba atsopano kunali kochedwa, poti wolowa m'kati mwa bwalo amayenera kufufuzidwa mbiri yake kaye, zimene zimatenga milungu kapena miyezi.

Zotsatira zake anaziona onse. Pa Schiphol ku Amsterdam, onyamula katundu a kampani ya ndege ya KLM ananyanyala ntchito mwadzidzidzi mu April 2022, mizere ya apaulendo inafika kunja kwa nyumba m'miyezi yotsatira, bwalolo linavomera kuwonjezera mayuro 5.25 pa ola pamalipiro a antchito m'nyengo yotentha, ndipo mkulu wake Dick Benschop anatula pansi udindo mu September. Bwalo la Heathrow ku London linaika malire akuti apaulendo onyamuka asapose 100,000 patsiku. Kampani ya SITA, imene imasonkhanitsa ziwerengero za katundu, inapeza kuti zikwama zosokera kapena zowonongeka zinakwera kuchoka pa 4.35 kufika pa 7.6 pa apaulendo 1,000 aliwonse pakati pa 2021 ndi 2022. Anthu sanasanduke alesi m'chaka chimodzi. Odziwa ntchito ndiwo anali atapita.

Yuniyoni imachita chiyani kwenikweni kupatula kudula ndalama pamalipiro?

Ntchito yake yoyamba ndi kukambirana ndi olemba ntchito m'malo mwa onse: malipiro, ovataimu, ndalama ya usiku, tchuthi, dongosolo la mashifiti. Wonyamula katundu mmodzi akapita yekha kukapempha kukwezedwa, amasonyezedwa mulu wa makalata a anthu ofuna malo ake. Yachiwiri ndi kuperekeza membala akaitanidwa kukayankha mlandu, kuti asaweruzidwe popanda kumvedwa. Yachitatu, imene ine ndimaiona yofunika kuposa zonse pantchito imeneyi, ndi kukangana pa chiwerengero cha anthu pandege iliyonse ndi pa zida: lamba wofika m'kati mwa ndege wochepetsa kugwada, zotsekera makutu, madzi akumwa, pobisala mvula. Ndalama yowonjezera siithandiza munthu amene msana wake watha asanafike zaka 45.

Mayuniyoni odziwika pantchitoyi ndi monga Unite ndi GMB ku Britain, ver.di ku Germany, FNV ku Netherlands, Transport Workers' Union ku Australia, komanso IAM ndi TWU ku America. Ambiri amalumikizana kudzera mu International Transport Workers' Federation, imene inayamba mu 1896 ndipo likulu lake lili ku London.

Kodi yuniyoni siingoteteza alesi?

Nthawi zina imatero, ndipo antchito akhama ndi amene amayamba kudandaula, chifukwa katundu wa mlesi amagwera iwo. Yuniyoni ili ndi udindo woonetsetsa kuti membala waweruzidwa mwachilungamo, koma atsogoleri ena amasokoneza zimenezi ndi kuikira kumbuyo aliyense pa chilichonse. Pali zolakwa zinanso. Dongosolo lakuti wakale ndiye ayambe kusankha shifiti limasiyira achinyamata usiku ndi masiku a zikondwerero kwa zaka zambiri. Mayuniyoni ena anasainira mapangano oteteza malipiro a mamembala akale n'kulola kuti olembedwa mawa azilandira zochepa. Ena amasamala olembedwa mwachindunji okha, a kontrakiti ogwira nawo ndege imodzi n'kumawaona ngati alendo. Ndipo alipo atsogoleri amene akazolowera mipando ya m'maofesi a mabwana amaiwala fungo la mafuta a ndege.

Koma zoti yuniyoni ndi khama siziyendera limodzi, umboni sukuvomereza. Southwest Airlines ya ku America inatchuka kuyambira 1972 potsitsa anthu ndi katundu, kukweza ena n'kukonzekeretsa ndege kunyamukanso m'mphindi 10 zokha pageti, ndipo kwa zaka zambiri inkatamandidwa chifukwa cha changu cha anthu ake a pansi. Kampani yomweyo ndi imodzi mwa zokhala ndi mamembala a yuniyoni ochuluka kwambiri m'dzikolo, oposa 80 pa antchito 100 aliwonse.

Kodi kampani ingachotse anthu ake onse n'kupereka ntchito kwa kontrakitala?

M'mayiko ambiri ingathe, malinga chifukwa chake chikhale chololedwa. Nkhani ya kampani ya ndege ya Qantas ndiyo inaonetsa pamene pali malire. Mu 2020 kampaniyi inachotsa antchito a pansi oposa 1,700 pamabwalo 10 ku Australia, ponena kuti ikupulumutsa ndalama nthawi ya mliri. Transport Workers' Union inakasuma. Mu 2021 khoti linapeza kuti china mwa zifukwa zake chinali kutsekereza antchitowo kuti asadzagwiritse ntchito ufulu wawo wokambirana ndi wonyanyala ntchito chaka chotsatira. Qantas inachita apilo mpaka kukhoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, ndipo inagonja mu September 2023. Kumapeto kwa 2024 inavomera kulipira chipukuta misozi cha madola a ku Australia 120 miliyoni, ndipo mu August 2025 inalamulidwa kulipiranso chindapusa cha 90 miliyoni.

Wantchito mmodzi payekha sakanatha kulipira maloya pamlandu wa zaka zisanu. Apo ndi pamene ndalama yodulidwa mwezi ndi mwezi ija inagwira ntchito. Komabe ntchito zawo sanabwezeredwe.

Kodi sitalaka ndi yololedwa pabwalo la ndege?

Zimadalira dziko. Mapangano a International Labour Organization, nambala 87 wa 1948 ndi nambala 98 wa 1949, amateteza ufulu wokhazikitsa yuniyoni ndi wokambirana pamodzi, koma si mayiko onse anawavomereza. Ku United Arab Emirates mayuniyoni saloledwa, chikhalirecho Dubai ndi limodzi mwa mabwalo otanganidwa kwambiri padziko lapansi.

Ku America antchito a makampani a ndege ali pansi pa Railway Labor Act, lamulo la 1926 limene linayamba kukhudza ndege mu 1936. Pangano likatha nthawi yake limapitirira kugwira ntchito, zokambirana zimatha kutenga zaka, ndipo sitalaka imatheka pokhapokha bungwe la boma loyanjanitsa litamasula mbali zonse n'kudutsa masiku 30 oziziritsa mitima. Ku Germany masitalaka ochenjeza a tsiku limodzi ndi ofala: pa 27 July 2022 antchito a pansi a Lufthansa ataimitsa ntchito, maulendo oposa 1,000 analephereka.

Ku Britain n'koletsedwa kunyanyala pothandiza antchito a kampani ina. Mu August 2005 kampani yophikira ndege ya Gate Gourmet inachotsa anthu mazanamazana pa Heathrow, ambiri mwa iwo amayi ochokera m'mabanja a ku South Asia. Antchito a pansi a British Airways, ena mwa iwo amuna ndi abale a amayiwo, anasiya ntchito popanda chilolezo, ndipo apaulendo pafupifupi 100,000 anasowa mtengo wogwira. Papepala anali makampani awiri osiyana. Kunyumba anali mabanja amodzi.

Kodi mayuniyoni amalowerera nkhani zosakhudza malipiro?

Amalowerera, makamaka umwini wa bwalo ukamasintha. Mu September 2024 mamembala a Kenya Aviation Workers Union ananyanyala ntchito pabwalo la Jomo Kenyatta ku Nairobi pokana ganizo lobwereketsa bwalolo kwa Adani Group ya ku India kwa zaka 30, poopa kuchotsedwa ntchito. Mu November chaka chomwecho Pulezidenti William Ruto analengeza kuti ganizolo lathetsedwa, akuluakulu a Adani atangoimbidwa milandu ya ziphuphu ku America. Sitalaka sindiyo inathetsa nkhaniyi payokha, koma inachititsa kuti dziko lonse liikambe.

Ulendo wanga ukalephereka chifukwa cha sitalaka, ndili ndi ufulu wanji?

Ngati mukunyamukira m'dziko la European Union, lamulo nambala 261 la 2004 limati kampani ikubwezereni ndalama kapena ikupezereni ulendo wina, ndipo ikusamaleni podikira. Chipukuta misozi cha mayuro 250 mpaka 600 chimadalira amene wanyanyala. Khoti la European Union linagamula mu 2021 kuti sitalaka ya antchito a kampani ya ndege yomweyo si chifukwa chothawira kulipira. Akakhala antchito a bwalo kapena a kampani ina, kawirikawiri chipukuta misozicho sichiperekedwa. Kumadera ena werengani zimene zalembedwa pa tikiti yanu ndi pa inshuwalansi yanu. Wa pakauntala amene mwamupeza tsiku limenelo si amene anaitanitsa sitalaka, ndipo kumukalipira sikubweretsa ndege.

Ndikufuna kulowa ntchitoyi. Ndifunse chiyani ndisanasaine?

Funsani dzina la kampani imene izikulipirani, ndiponso kuti kontrakiti yake ndi kampani ya ndege itha liti. Funsani maola amene mukutsimikiziridwa pa sabata, osati amene "amapezeka nthawi zambiri", komanso ngati shifiti imadulidwa pakati. Funsani ngati masiku a maphunziro ndi odikira chiphaso cholowera m'bwalo amalipidwa, ndi amene amagula nsapato, zotsekera makutu ndi zamawondo. Dziwani mmene muzifikira kuntchito 4 koloko m'mawa mabasi asanayambe kuyenda, chifukwa ambiri amasiya ntchitoyi pa nkhani ya mayendedwe yomweyi. Ngati pali yuniyoni, pemphani kuona pangano lake ndi kampani, muwerenge pamene akunena za ovataimu ndi za wovulala pantchito. Ndipo mukapeza mpata wocheza ndi amene ali kale m'katimo, afunseni kuti pagulu lawo ndi angati amene akwanitsa zaka zitatu, ndiponso kuti womaliza kunena kuti wagunda ndege zinamuthera bwanji.